Musamuuze kuti azolowera

Kalata yanu, aphunzitsi, ndaiwerenga katatu. Mwati m'kalasi mwanu kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka muli kamnyamata ka ku Congo ka zaka 9, sikalankhula, phala kamangolitakasa ndi supuni, ndiye mukufuna nzeru yoti kaiwale kwawo. Mawu akuti "kaiwale" ndi amene andisowetsa tulo.

Ine ndinalowa m'Malawi mu 1986 ndili ndi zaka 8, kuchokera ku Angonia, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika pakhomo. Tinagona m'tchire masiku awiri n'kudzatulukira ku Dedza. Chinenero chomwechi, nsima yomweyi, Gule Wamkulu yemweyu, koma ndinapukwa mpaka nthiti kuwerengeka. Sindinkalira dziko ayi, mwana adziwa chiyani za dziko? Ndinkalira galu wathu amene anatsala ali womangirira pamtengo wa pichesi. Usiku uliwonse ndinkafunsa amayi kuti wam'masula ndani, iwo n'kungoti, "Gona iwe, uzolowera."

Tsiku loyamba kusukulu anati ndiwerenge manambala, ine n'kuyamba um, dois, três. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi omwe. Pakamwa ndinatseka temu yathunthu. Choncho mukati mwanayo salankhula, ine ndimafunsa kuti tsiku limene anayesa, anthu anatani?

Amalawi anatilandira ife a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ena anatigawira ndi minda yomwe, zimenezo sindidzaiwala. Koma mlendo timamufuna wothokoza yekhayekha. Akangopukwa timati ndi wosayamika. Lero aliyense wa kumsasa timangoti Mburundi, kaya kwawo ndi ku Uvira kaya ku Kigali. Ndipo taonani malo amene tikuti mwana awakonde: Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, inasanduka msasa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000 othithikana mumphepo ya Dowa ija. Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere kumsasa, ana obadwira ku Lilongwe anakwezedwa pamalole, ena anayamba agona kundende ya Maula. Amenewo sapukwa Bujumbura, sanafikeko n'komwe. Amapukwa Lilongwe.

Inenso zinandichitikira mofananamo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 tinabwerera kumudzi chaka chotsatira. Pichesi uja tinaupeza, wakula. Patangotha sabata ndinayamba kulira anzanga a ku Dedza. Amayi anangogwira pakamwa.

Nanga mutani?

Musamukakamize kulankhula pagulu. Phunzirani mawu angapo a Chiswahili, mulakwitse pamaso pake, akukonzeni iyeyo. Mukhazikeni ndi mnzake mmodzi wofatsa, osati gulu. Mufunseni mmene amayi ake amaphikira sombe, ndi chigwada chathu chomwechi. Akapitirira kuwonda, kapena makolo akati amadzidzimuka n'kukuwa usiku, apite naye kuchipatala msanga.

Ndipo tsiku lina muli awiriwiri, anzake ali kumpira, mufunseni kuti anasiya chiyani kwawo. Akangokhala chete musiyeni, mudzafunsenso. Ine palibe anandifunsa. Galu ujatu dzina lake anali Leão.