Logbook yadzaza, nanga anakuphunzitsani ndani?

Mwandilembera, adokotala, kuti muli m'chaka chachitatu cha maphunziro a opaleshoni, logbook (buku lolembamo maopaleshoni amene mwachita) yadzaza ndi ma laparotomy (maopaleshoni otsegula pamimba) a usiku, pomwe maopaleshoni a chithokomiro ndi ndulu, omwe silabasi ikufuna, mwangochitako owerengeka. Ndiye mukufunsa ngati mwatsalira.

Funso lanuli landikwiyitsa, koma si inu mwandikwiyitsa. Ine ndili registrar (dokotala wophunzira ukatswiri ngati inu), matumbo opotana ndinkawadziwa kuposa abale anga. Wodwala amabwera mochedwa kuchokera kuchipatala cha boma lakwawo, mimba itatupa, bwana, dokotala wamkulu wokuphunzitsa, ali kunyumba pa foni, iwe n'kutsegula. Kukacha, odwala okonzedweratu aja, omwe bwana akanakugwira dzanja n'kukuonetsa podula, ankabwezedwa ku wodi. Lero magazi palibe, mawa wogonetsa odwala ndi mmodzi yekha ndipo ali ndi mayi wobereka, mkuja makina ophera majeremusi pa zida afa. Ngozi za pamsewu nazo zinkalanda fiyeta osapempha.

Ku America bungwe la ACGME, loyang'anira maphunziro a madokotala ofuna ukatswiri, limafuna kuti wophunzira general surgery (opaleshoni ya matenda osiyanasiyana) achite maopaleshoni akuluakulu osachepera 850 asanamalize. Ambiri a ife chiwerengero chotere sichingatiopseze. Koma kubwereza opaleshoni wekha pakati pa usiku, popanda wokudzudzula, kumangokhwimitsa zizolowezi zako, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndikukana kuti kumeneko ndi kuphunzitsidwa. Ndi kugwira ntchito basi.

Komanso tisadzitame kwambiri ndi manambala, poti m'zipatala za m'maboma ma hernia ndi maopaleshoni a amayi obereka ambiri amachita ndi ma clinical officer, ndipo ena manja awo ndi ofewa kutiposa.  COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, yomwe inayamba mu 1999, imagawa maphunziro pawiri: zaka 2 za MCS (gawo loyamba), kenako 3 za FCS (gawo la ukatswiri). Zaka zitatu zomalizazo zimathamanga, ndipo odwala a usiku sadzachepa chifukwa inu muli ndi mayeso.

Tsono muchite chiyani?

Lembani opaleshoni iliyonse tsiku lomwelo, ndipo musanamize gawo lanu: munathandizira, munachita bwana ali pambali, kapena munali nokha. Kenako tengani logbook ndi silabasi, mukhale pansi ndi woyang'anira maphunziro anu, mumuonetse mipata, mupemphe miyezi ingapo kuchipatala komwe amachita zithokomiro ndi ndulu kawirikawiri. Pemphani chaka chino, pempholo likhale lolembedwa.