Amayi anga anafika ku Heathrow nsapato zili m'manja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku Leeds. Akuyembekezera mwana wawo woyamba mu Novembala, ndipo amayi awo a zaka 67 akubwera kuchokera kumudzi kudzathandiza chikuta. Sanakwerepo ndege, Chingerezi amangotolako pang'ono, komanso ali ndi BP. Funso linali lalifupi: ndiwakonzekeretse bwanji kuti ulendo wautali chonchi usawazunze?

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga nditaimirira kukhitchini, mpaka ndinachita kukoka mpando n'kukhala. Ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndiyambe ndi amayi anga, chifukwa funso lanuli ine ndinadzifunsa mochedwa, iwo atafika kale.

Amayi anabwera mu Disembala 2016, nditangochira mwana wanga wachiwiri. Kwathu ndi ku Dowa, kuseri kwa Mponela. Ine ndinkaona ngati ndamaliza zonse. Viza yatuluka, tikiti ndalipira, achimwene awaperekeza mpaka kubwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, bambo a ana akawachingamira ku Heathrow. M'mutu mwanga ulendowo unali ndi malo awiri okha, ponyamukira ndi pofikira. Za pakatipo, maola pafupifupi 4 kukafika ku Addis Ababa, kudikira usiku pabwalo lachilendo, kenako maola ena pafupifupi 8 mpaka ku London, sindinaziganizire n'komwe. Ndinkangoti si anthu amakwera tsiku ndi tsiku.

Anatulukira m'mawa atavala masokosi okha, nsapato zawo zakuda za kutchalitchi atazigwira m'manja. Mapazi anali atatupa moti akakolo sankaoneka. Milomo inali gwa, itang'ambika. Bambo a ana atawafunsa za ulendo anangoti, "Tayenda bwino apongozi, Mulungu watisunga." Basi. Kunyumba anandikumbatira, ananyamula khanda, anaimba, ndipo ine ndinakhulupirira kuti ayendadi bwino.

Nkhani yeniyeni ndinaimva patapita masiku atatu, tikusenda kachewere awiriwiri. Mpando wawo unali wa pazenera. Pambali pawo panakhala azibambo awiri amene anagona tulo ndege itangonyamuka ku Addis. Kuti apite kuchimbudzi, anayenera kuwadzutsa onse awiri, apo ayi kuwalumpha miyendo. Taganizani inuyo, mayi wa Chigwirizano, wa msinkhu wake, kulumpha miyendo ya mwamuna wosamudziwa. Ndiye anangosankha kusamwa chilichonse. Madzi akabwera, amapukusa mutu. Tiyi akabwera, amapukusa mutu. Chakudya anangochivundukula, n'kuona kuti sakuchidziwa, n'kuchivundikiranso. Kabanzi kokha ndi kabisiketi anatikulunga mu tishu kuti abweretsere mdzukulu wawo wamkulu. Ndinadzatipeza m'kachikwama kawo titaphwanyika, pambali pa Baibulo ndi pasipoti. Mankhwala a BP anali mu sutikesi yaikulu, pansi pa thumba la ufa, chifukwa achimwene anaona kuti m'menemo ndiye sasowa. Tsiku lathunthu sanamwe.

Ku Addis nako anazizidwa kwambiri. Mzinda umenewu uli pamwamba, mamita oposa 2,300, ndipo usiku kumazizira ngakhale kwathu kukutentha. Iwo ananyamuka ku Lilongwe dzuwa likuswa mtengo, juzi ili mu sutikesi. Anakhala pa mpando umodzi maola onsewo atafunda chitenje, osasuntha, poopa kuti akangochoka ndege iwasiya. Anawapulumutsa ndi mtsikana wina wa ku Chipata amene anamumva akuyankhula Chinyanja pa foni. Anamuyandikira, anamuonetsa pepala lawo, ndipo mtsikanayo ndi amene anawauza kuti khomo lokwerera lasintha, n'kuwagwira dzanja mpaka kumeneko. Dzina lake sanamufunse. Mpaka lero ndimamupempherera mwana ameneyo.

Pamene ankandifotokozera zonsezi sankadandaula ayi. Ankanena ngati akufotokoza za mvula ya chaka chatha. Nditawafunsa kuti bwanji simunauze atsikana ogwira ntchito m'ndegemo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ndikanawavutitsa bwanji anthu ali pantchito?" Ndinalira pamenepo, mpeni uli m'manja.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti amayi si munthu woopa ulendo. Anayendapo pa basi mpaka ku Johannesburg kukaona mchemwali wawo, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, usiku ndi usana, ndipo anabwerako ali gwa ndi nkhani zodzaza dengu. Ndiye ndege ya maola ochepa kuposa pamenepo inawagonjetsa bwanji? Ndinazimvetsa patapita nthawi. Pa basi munthu ali kwawo. Woyandikana naye amamupatsa moni, amagawana nthochi ndi chimanga chootcha, basi imaima, anthu amatsika kukawongola miyendo, ndipo ikafika povuta mayi wamkulu amatha kukuwa kuti adalaiva taimani, basi yonse n'kumuthandiza kukuwa. M'ndege muli zii. Aliyense watseka makutu, magetsi azimitsidwa, malamulo ake sakuwadziwa, ndipo munthu woleredwa mwaulemu akafika pamalo pamene sakudziwa malamulo amadzichepetsa mpaka kudzipweteka. Chimene chimazunza makolo athu m'ndege ndi manyazi. Kutalika kwa ulendo kumangowonjezera.

Ndipo pano ndinena mosabisa, ngakhale ena akwiye. Ife amene timaitana makolo kuno timawalakwira. Zikangomveka kuti amayi a uje akupita ku UK, mafoni amayamba. Wina akufuna ufa woyera, wina usipa, wina chambo chouma, wina mpunga wa Kilombero, wina nsinjiro, wina zitenje zitatu. Masutikesi awiri a makilogalamu 23 amadzaza ndi zofuna za anthu ena, zotsala n'kuzikankhira m'chikwama cha m'manja, choti mayi wa zaka 67 achikoke yekha m'makonde aatali a bwalo la ndege pakati pa usiku. Juzi yake, mankhwala ake, botolo lake la madzi, zilibe malo. Ine ndinachita zimenezi. Ndinatumiza mndandanda wa zinthu pa WhatsApp kawiri konse, koma sindinaimbe foni n'kamodzi komwe kuwauza kuti chitseko cha chimbudzi cha m'ndege chimatsekedwa bwanji. Amayi anu si galimoto ya katundu, achemwali. Wofuna usipa adikire wina wamphamvu zake. Ndipo phukusi lomata la munthu wina asanyamule, ngakhale atakhala wa kutchalitchi kwawo, chifukwa pofunsidwa woyankha ndi iwo. Pamenepa ndiwonjezere kuti nyama ndi zamkaka zochokera kwathu siziloledwa kulowa ku UK, choncho nyama yofutsa ija isiyeni. Nsomba zouma ndiye zimaloledwa.

Kunyada kwina kumene ndimadana nako ndi kwa wilutcheya. Mukapempha thandizo limeneli, munthu amawatenga pakhomo la ndege, kuwayendetsa mpaka khomo la ndege yachiwiri, ndipo ku London amawadutsitsa kwa oona mapasipoti mpaka kukatenga katundu. Sililipiritsidwa. Koma ndamva anthu ambiri akuti ayi, amayi anga ndi olimba, amalima okha maekala awiri. Inde amalima, amayi anganso ankalima. Koma kulima sikuthandiza munthu kuwerenga chikwangwani cha Chingerezi 1 koloko usiku atatopa. Chimene mukupempha kwenikweni ndi munthu wowaperekeza, mpandowo ndi chifukwa chabe. Iwo eni akhoza kukana poti sakudwala. Muwauze kuti ndi mwambo wa pabwalo la ndege kulemekeza akuluakulu motero, ndipo si bodza.

Za kutupa kwa mapazi zija ndinadzaziwerenga pambuyo pake ndili ndi mantha. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, ndipo thupi limakhala ngati lili paphiri la mamita pafupifupi 2,000. Munthu akakhala malo amodzi maola oposa 4, miyendo itapindika, magazi amayenda pang'onopang'ono, ndipo kwa ena amaundana m'mitsempha ya m'kati mwa mwendo. Achikulire, onenepa, oyembekezera ndi amene anachitidwa opaleshoni posachedwa ndiwo ali pachiopsezo kwambiri. Mapazi onse awiri akatupa mofanana, kawirikawiri amaphwa okha pakapita tsiku kapena awiri, monga anachitira a amayi. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akuwawa ndi kutentha, kapena akayamba kubanika ndi kumva kupweteka m'chifuwa, ngakhale patapita masiku angapo atafika, musadikire kuti kuche. Imbani 999, nambala ya ambulansi kuno ku UK, kapena thamangirani kuchipatala. Ndipo poti tanena za chipatala, gulani inshuwalansi ya paulendo. Ku England mlendo amathandizidwa ulere ku A&E, mbali ya chipatala yolandirira odwala mwadzidzidzi, koma akangomugoneka m'chipatala bilu imabwera, ndipo si yaing'ono.

Ndatalikitsa. Nazi zimene mungachite.

Mpando

Wa m'mbali mwa kanjira, osati wa pazenera, pa ndege zonse ziwiri. Ngati pakufunika kulipirapo, lipirani. Akhoza kudzuka nthawi iliyonse osapempha munthu. Muwauze kuti pakatha maola awiri aliwonse aziimirira, kuyenda mpaka kumbuyo n'kubwerera, ndipo akakhala pansi azigwedeza mapazi ngati akupalasa makina osokera. Nsapato zikhale zotakasuka. Za masokosi othina oletsa kutupa, afunse kaye adokotala awo asananyamuke.

Chikwama cha m'manja

Chikhale chopepuka. Mankhwala onse m'mapaketi ake, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Juzi yokhuthala, masokosi, chitenje, mafuta a pamilomo, tchaja ya foni, ndi botolo lopanda madzi loti akadzaze akadutsa pofufuzidwa, chifukwa pa mabwalo ambiri a ndege zamadzimadzi zoposa mamililita 100 amalanda. Muikemonso mtedza kapena mabisiketi oti adye ngati chakudya cha m'ndege chawakanika. Nthawi yomwera mankhwala isakuvuteni mutu, kusiyana kwa Malawi ndi UK ndi maola 2 okha m'nyengo yozizira ya kuno, ndi ola limodzi m'nyengo yotentha.

Wilutcheya ija ipempheni kudzera komwe munagula tikiti, kusanatsale maola 48, ndipo muonetsetse kuti yalembedwa pa zigawo zonse za ulendo, popita ndi pobwerera. Ngati mungathe kusankha, musatenge tikiti yosinthira ndege mothamanga. Kaya adzera ku Addis, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, maola atatu odikira ndi abwino kuposa ola limodzi lothamanga. Muwalembere pepala m'zilembo zikuluzikulu, mbali ina Chingerezi mbali ina Chichewa, lokhala ndi dzina lawo, nambala za ndege, adiresi yanu, foni yanu, matenda awo, ndi mawu oti amayankhula Chichewa. Tikiti yobwerera isindikizidwe papepala, isangokhala mu foni. Oona mapasipoti akafunsa, anene zoona zake mwachidule, kuti abwera kudzacheza kwa mwana wawo ndi kudzaona mdzukulu, ndipo abwerera tsiku lakuti.

Koma choposa zonsezi, aimbireni foni. Osati uthenga wopita kwa achimwene anu kuti akawauze, ayi, inuyo ndi iwo, kawiri kapena katatu ulendo usanafike. Muwauze tinthu tating'onoting'ono timene ife tinaiwala kuti tinachita kuphunzira. Kuti chitseko cha chimbudzi chimakankhidwa pakati, ndipo ukakoka kachitsulo kotsekera magetsi amayaka. Kuti pogejemula pamamveka phokoso lalikulu koma palibe chaonongeka. Kuti makutu akatseka potsika, ameze malovu kapena ayasamule. Kuti ndege ikayamba kugwedezeka ili ngati basi pa msewu wa mabampu, angomanga lamba n'kukhala phee. Kuti chakudya, madzi, tiyi ndi bulangeti zonse munalipira kale mu tikiti, palibe adzawatchaje. Amayi anga ankaganiza kuti tiyi ndi wogula, ndipo analibe ndalama ya kunja. Akulu anati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa akauzidwa kaye kuti pamalopo kufunsa n'kololedwa. Muwauze ndi pakamwa panu kuti kudzutsa munthu kuti udutse si mwano m'ndege, ndipo atsikana ovala yunifolomu aja ntchito yawo ndi yomweyo yoti apemphedwe madzi.

Amayi anabwerera mu Meyi 2017. Ulendo umenewo ndinawapezera mpando wa m'kanjira, wilutcheya, ndi pepala lija m'thumba la juzi. Usiku woti anyamuka mawa tinakhala pa mipando iwiri ya kukhitchini, ine ngati mzungu wogona, iwo akuyeserera kundigwira paphewa kuti adutse. Atafika ku Lumbadzi anaimba pa foni ya achimwene. Anati anamwa tiyi katatu, anayenda mpaka kumbuyo kwa ndege kukaona kumene amatenthetsera chakudya, ndipo nsapato anatsika atavala.

Mundilembere akafika, achemwali, ndimve kuti ayenda bwanji. Muchire bwino.