Protea wa kuphiri akauma m'dimba

FUNSO: Ndinazula kamtengo ka protea kuphiri n'kukabzala m'dimba mwanga, ndikuthira manyowa ndi feteleza. Pasanathe miyezi iwiri masamba anachita chikasu, kenaka kanauma. Ndinalakwitsa pati?

YANKHO: Pepani ndithu, koma chomwe chinakapha ndi chonde chimene munakapatsacho. Protea amamera m'malo otsetsereka a miyala ndi mchenga, monga kumapiri a Cape ku South Africa, ku Nyika ndi ku Mulanje. Dothi lake ndi losauka, la asidi (pH, muyezo wa asidi m'dothi, ya 5 mpaka 6), ndipo madzi sakhalitsamo.

Kuti apeze chakudya m'dothi lotere, amatulutsa timizu tambirimbiri tothithikana ngati burashi, tomwe timayala pamwamba penipeni, pansi pa masamba ofota. Timizuti timayamwa mwamphamvu fosifolasi, yemwe ndi chimodzi mwa zakudya za zomera za m'dothi, ndipo sitidziwa kuleka. Mukathira feteleza wokhala ndi fosifolasi, kapena manyowa a nkhuku, mtengowo umamwa mopyola muyezo: nsonga za masamba zimapsa, kenaka wonse umauma. Timizu tomweti ndi timene munadula pozula. N'chifukwa chake protea wozulidwa kuthengo sagwira kawirikawiri, ndipo tikupemphani musamazule, makamaka m'nkhalango zotetezedwa momwe n'zoletsedwa.

Chinyontho cha m'dimba nachonso n'choopsa. Madzi akadikha, kachilombo konga bowa kotchedwa Phytophthora kamawoletsa mizu, mtengo n'kufota dothi lili chinyowere.

Yambani ndi njere. Chimene timachitcha duwa la protea ndi mutu wa timaluwa tambiri, tozunguliridwa ndi masamba olimba ofiirira kapena oyera. Mutuwo ukauma, mumapezamo njere zaubweya, koma zambiri zimakhala mphwepwa. Zifinyeni ndi zala, musankhe zonenepa ndi zolimba zokhazokha. Sakanizani magawo awiri a mchenga wokhakhala ndi gawo limodzi la masamba a paini owola bwino, mubzale njere pakuya pafupifupi sentimita imodzi. Zimamera pakati pa mwezi umodzi ndi itatu, choncho musafulumire kutaya dothilo.

Mbande muiwokere idakali yaing'ono, ndi dothi lake lomwe, pamalo a dzuwa lonse ndi opita mphepo. Khasu lisafike patsinde, kuopa kudula timizu tapamwamba tija. Udzu muzizula ndi manja, n'kuphimbira ndi makungwa a paini. Thirirani mokwanira m'zaka ziwiri zoyamba, koma pamwamba pazimauma musanathirenso. Maluwa oyamba muwayembekezere pakatha zaka zitatu kapena kuposerapo.