Labotale kulibe, ana 80: sayansi ndiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a pa sekondale ina yoyendera ku Dowa. Ku koleji anaphunzira bayoloje, koma poti aphunzitsi ndi ochepa awasenzetsa fizikisi ndi kemisitiri ya Fomu 1 ndi 2. M'kalasi muli ana oposa 80, labotale kulibe, ndipo ahedi awonjezerapo kalabu ya sayansi, komwe ana akufunsa za nyenyezi ndi zopanga makina. Funso lawo ndi lakuti: "Zinayi zonsezi ndizigwira bwanji ndili ndekha, chimanjamanja?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Vuto lanu si lachilendo. Chiyambire pomwe silabasi inasintha mu 2015, Physical Science n'kugawidwa pawiri, masukulu ambiri oyendera anapezeka ali ndi maphunziro awiri koma mphunzitsi yemweuja mmodzi, mwinanso wobwereka ku phunziro lina ngati inuyo.

Langizo langa ndi lakuti musadikire labotale. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa tebulo la nthawi maphunzirowa ndi osiyana, koma mwana wa zaka 13 akamayang'ana njinga kapena mphika wa therere saona malire amenewo. Tengani chinthu chimene akuchidziwa kale, mumufunse chimene chichitike musanachikhudze, alembe yankho lake m'kope, kenako muyese. Kulembako n'kofunika kwambiri, chifukwa mwana amene walosera molakwa ndiye amatchera khutu mukayamba kufotokoza.

Yambani ndi kemisitiri, popeza khitchini ya kumudzi ndi yodzaza kale ndi zipangizo. Viikani chidede m'madzi otentha, musefe, mupeze madzi ofiira. Amenewo ndiwo indicator yanu, madzi osintha mtundu akakumana ndi asidi kapena chotsutsana naye. Dulani mabotolo apulasitiki akhale makapu, gulu lililonse la ana asanu ndi atatu lilandire anayi: la madzi a mandimu, la bwemba, la soda yophikira, ndi la chidulo. Mu mandimu ndi bwemba chidede chimafiira kwambiri, mu soda chimazilala n'kuderako, koma mu chidulo chimatembenuka kukhala chobiriwira. Pamenepo m'kalasi mumabuka phokoso. Muwasiye asokose pang'ono, kenako muwafunse chifukwa chimene agogo awo amathirira chidulo mu therere. Madzi ochezedwa m'phulusa aja ali ndi potassium carbonate, yemwe ndi base, chotsutsana ndi asidi, ndipo ndi amene amafewetsa masamba msanga. Mawu a Chingerezi aja, acid, base, neutralisation, abwere pambuyo ana ataona kale ndi maso. MANEB idzawafunsa m'Chingerezi, inde, koma kufotokoza koyamba m'Chichewa si tchimo.

Ineyo ulendo woyamba zinandikanika. Ndinaviika chidede chochuluka, madzi ake bii ngati magazi, ndipo nditathira soda palibe chinasintha. Ana anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinali nditaiwala kuti chidede pachokha n'chowawasa, choncho chikachuluka asidi wake amagonjetsa soda. Muzichisungunula ndi madzi ambiri mpaka chikhale chofiirira pang'ono chabe, ndipo muziyesa nokha kunyumba dzulo lake. Chinanso, asidi wa m'batire ya galimoto ndi kositiki wopangira sopo asalowe m'kalasi la ana 80, ngakhale wina atakupatsani ulere.

Pa fizikisi bwerekani njinga ya dayinamo. Igoneni chagada pa desiki, mwana mmodzi apalase ndi dzanja, getsi liyake. Afunseni kuti mphamvuyo yachokera kuti. Ena adzati m'tayala, ena m'dayinamo, ndipo mukawakoka pang'onopang'ono adzafika pa nsima imene wopalasayo anadya, ndi dzuwa limene linakulitsa chimangacho. Mukapeza dayinamo yakufa kwa okonza njinga pa msika, itsegulani: muli maginito ndi waya wokulungidwa, basi. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira mfundo yake ndi yomweyo, kungoti wopalasa ndi mtsinje wa Shire. Ana ambiri akukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, ataononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Akaona getsi la njinga likuzima wopalasa akatopa, nkhani ija amaimvetsa bwino.

Zakuthambo anthu amaziopa poganiza kuti zimafuna telesikopu. Ayi ndithu, ndipo zambiri zimatheka masana. Zikani ndodo yoongoka pabwalo la sukulu, ana azilemba utali wa chithunzithunzi chake ndi kumene chaloza, kamodzi pa sabata dzuwa lili paliwombo. Mu Juni chimaloza kummwera ndipo n'chachitali, mu Disembala chimaloza kumpoto. Pakati pakepo pali tsiku limene chimasoweratu pansi pa ndodo. Kwanu ku Dowa, monganso ku Lilongwe, zimenezi zimachitika chakumapeto kwa Okutobala ndiponso cha pakati pa Febuluwale, nthawi ili cha m'ma 11:30 mu Okutobala, osati 12 koloko yeniyeni. Mwana wa ku London sadzaona zimenezi pakhomo pawo moyo wake wonse, chifukwa dzuwa limafika pamutu penipeni m'maiko okhawo amene ali pakati pa madigiri 23.5 kumpoto ndi kummwera kwa equator.

Tsiku lina tulukani ndi mpira wamiyendo ndi ndimu. Mpirawo ndi dziko, ndimuyo ndi mwezi. Afunseni kuti ndimu iime pati. Pafupifupi onse adzaiika pafupi, mkono umodzi. Malo ake enieni ndi mamita 6 ndi theka, popeza mwezi uli pa makilomita 384,000, kutalika kokwana maiko athuwa 30 atandondozana. Dzuwa pa muyeso womwewo lingakhale chimpira cha mamita 24, chili pa makilomita awiri ndi theka, mwina ku chigayo kapena kutsidya la dambo. Akaona kutalikirana kumeneku, n'kuuzidwa kuti njira ya mwezi ndi yopendekeka pang'ono, amazindikira okha chifukwa chake kadamsana sachitika mwezi uliwonse. Nthanda nayo muitchule, kuti si nyenyezi koma pulaneti Venus. Amene amalawirira kumunda amaidziwa kale.

Za uinjiniya musavutike nazo kwambiri. Ana amene amapanga magalimoto amawaya okhota ndi chiwongolero safuna kuuzidwa kuti kupanga n'chiyani. Chimene akusowa ndi muyeso ndi kubwereza. Apatseni mapesi 20 ndi luzi, amange mlatho wodutsa pakati pa madesiki awiri, muusenzetse njerwa imodziimodzi mpaka uthyoke. Alembe pamene wathyokera, akonze, ayesenso sabata yotsatira. Gulu lina liwiritse lita imodzi ya madzi pa mafuwa, lina pa mbaula ya Chitetezo, nkhuni zitayezedwa pa sikelo poyamba ndi pomaliza. Muonetsetse kuti atsikana akugwira nawo sikelo ndi mpeni, asangokhala alembi a gulu, chifukwa anyamata amathamangira zida.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adzakufunsani ndithu. Mu 2002, ali ndi zaka 14, atasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala ija, anamanga makina amphepo opanga magetsi ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, fani ya thirakitala ndi njinga ya bambo ake. Ine sindikonda kuifotokoza ngati chozizwitsa. Ndimawauza kuti anayamba ndi kachitsanzo kakang'ono, ndipo chimene chinkatulutsa magetsiwo ndi dayinamo ngati yomwe ili pa desikiyo.

Teremu ino sankhani ziwiri zokha, chidede ndi ndodo ya pabwalo. Ndodoyo muizike sabata ino, pamalo pomwe mbuzi ndi osewera mpira sangaigwetse.