Yankho kwa mayi amene alandira kalata yoti mwana wawo wanenepa mopitirira muyeso

Achemwali amene mwalemba mosatchula dzina, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwalandira kalata yonena kuti mnyamata wanu wa Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, ndi wonenepa kwambiri, mtima wakupwetekani, pamene agogo ake kumudzi atamuona pa WhatsApp anachita kuombera m'manja kuti mwana akukula bwino. Ndiye mukufunsa ngati kuthamanga kumene amathamanga kusukulu tsiku lililonse, pamodzi ndi zimene amaphunzira za kadyedwe kabwino, sizingathetse vutoli. Mundipirire, nditalikitsa, chifukwa kalata ngati imeneyo inafikaponso pakhomo panga, komanso ndimagwira ntchito yothandiza aphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale konkuno ku England.

Choyamba, musapite kukakalipira aphunzitsi. Kalatayo siichokera kwa iwo, ndipo zotsatira za mwana wanu sauzidwa n'komwe. Ndi ndondomeko ya boma yotchedwa National Child Measurement Programme, imene imayeza msinkhu ndi kulemera kwa ana kawiri: ali ku Reception, kalasi yoyambira sukulu, ndiponso ali ku Year 6. Ku Reception pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi aliwonse amapezeka wonenepa kwambiri, koma pofika ku Year 6 amaposa mmodzi mwa asanu. Ndiye makalata amenewa amapita m'makomo ambirimbiri, si inu nokha. Muyeso wake, wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, uli ndi pomwe umaphonya. Akatswiri a konkuno anapeza kuti kwa ana a makolo ochokera ku Africa umakonda kuonetsa ngati mafuta m'thupi ndi ambiri kuposa mmene alili. Koma chonde musatenge zimenezi ngati pobisalira. Ine ndinabisalapo miyezi itatu, kumangoti mwana wanga ndi wa mafupa akuluakulu ngati bambo ake, kwinaku ndikugula mathalauza a mwana wa zaka 14 n'kumapinda miyendo. Pitani kwa nesi wa pasukulu kapena kwa GP, dokotala wa banja lanu, akamuone bwinobwino.

Tsono za kuthamangako. Ndikukhulupirira mukunena Daily Mile. Inayamba mu 2012 pasukulu ya St Ninian's ku Stirling, ku Scotland, pamene mphunzitsi wamkulu, mayi Elaine Wyllie, anaona kuti ana ake akulephera kuzungulira bwalo osapuma wefuwefu. Anayamba kuwatulutsa mphindi 15 tsiku lililonse, osasintha zovala, osapikisana, wothamanga athamange, woyenda ayende. Ine ndimaikonda zedi. Ana akabwerera m'kalasi amakhazikika, ndipo mwana amene mu September ankangotsalira m'mbuyo, pofika Khirisimasi umamuona akuzungulira osaima. Mtima ndi mapapo zimalimba, izo n'zosachita kufunsa.

Koma funso lanu ndi la sikelo, ndipo pamenepo ndikuuzani mosapsatira: sukulu payokha siingathe. Ku West Midlands anayesa kale, ndipo anayesa mwamphamvu. Akatswiri a ku yunivesite ya Birmingham anachita kafukufuku wotchedwa WAVES m'sukulu 54. Sukulu zina anazisiya zipitirize mwa masiku onse, zina anazipatsa ndondomeko ya chaka chathunthu: mphindi 30 zoonjezera za masewera olimbitsa thupi tsiku lililonse, maphunziro a kaphikidwe oitanirako makolo teremu iliyonse, mpaka pulogalamu ya masabata asanu ndi limodzi yochita ndi timu ya mpira ya Aston Villa. Zotsatira zitatuluka mu 2018, kulemera kwa ana a mbali ziwirizi sikunasiyane kwenikweni. Nditamva zimenezi ndinakhumudwa, chifukwa ntchito yangayo ndi yomweyi. Koma nditakhala pansi n'kuwerengera ndinaona kuti n'zomveka. Sukulu za boma kuno zimatsegula masiku 190 pachaka, chaka chili ndi masiku 365. Pa masiku a sukuluwo mwana amadyako kamodzi, kwinako amadya kwa inu. Ndipo mphamvu zimene amaotcha pa mphindi 15 zothamanga sizifika n'komwe pa zimene zili m'chitini chimodzi cha zoziziritsa kukhosi. Akathamanga 10 koloko m'mawa, 4 koloko madzulo n'kutsegula fuliji, zonse zabwereramo ndi chiongoladzanja chomwe.

Apa ndi pamene nkhani imatikhudza ife Amalawi penipeni. Kwathu munthu akakuuza kuti "koma ndiye mwanenepatu", wakuyamikira. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira zimene anthu ankanong'onezana munthu akayamba kuonda. Ena tinaona njala ya 2002 ndi maso athu. Mpaka lero vuto lalikulu la ana kumudzi ndi kupinimbira, n'chifukwa chake phala la kusukulu la Mary's Meals limakokera ana m'makalasi. Ndiye agogo akamasangalala kuona masaya a mdzukulu, sakulakwa, akuona ndi maso a kumene ali. Ifenso tinabwera nawo maso omwewo. Mwana akasiya nsima m'mbale timamukalipira kuti amalize, anzake kumudzi akugona ndi njala. Timaiwala kuti ife tinkadya mitanda iwiri titayenda mtunda wautali kuchokera kusukulu, titatunga madzi kumjigo, titasewera phada, fulaye kapena mpira wachikulunga mpaka mdima. Mwana wa kuno amakwera galimoto kapena basi, amafikira m'fulati, ndipo nyengo yozizira 4 koloko kunja kwada kale. Mtanda ndi womwewo, koma thupi lolandira mtandawo silinagwire ntchito.

Palinso china chimene sitikonda kuchinena. Ambiri a ife timagwira ntchito za usiku kapena za maola 12 zosamalira okalamba. Ukamachoka m'nyumba mwana akukuyang'ana, mtima umakutsutsa, ndiye umamusiyira kandalama koti akagule nkhuku ndi tchipisi pakona paja, kapena umadzaza kabati ndi mabisiketi. Ine ndinkatero ndisanasinthe ntchito. Sikunali kusasamala, kunali kupepesa.

Zimene tinasintha kwathu si zambiri. Chachikulu kwambiri chinali zakumwa. A NHS, nthambi ya boma yoona zachipatala kuno, amati mwana wa zaka 7 mpaka 10 asapitirire magalamu 24 a shuga woonjezera patsiku, wa zaka 11 kupita m'tsogolo magalamu 30. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha 330ml chili ndi magalamu 35. Juwisi wa zipatso amene timamuona ngati mankhwala uja, malire ake ndi 150ml patsiku, kakapu kakang'ono. Ndiye onjezerani tiyi wa masipuni atatu a shuga amene tinazolowera kwathu. Tinasiya kugula zoziziritsa kukhosi za m'nyumba, n'kumamwa pa zikondwerero basi. Sabata ziwiri zoyamba kunali nkhondo, ndipo wolimbana nane kwambiri sanali mwana, anali bambo ake.

Nsima sitinasiye, ndipo wina asakunamizeni kuti musiye. Tinangochepetsa mtanda wa mwana kuti ukhale wa mwana, osati wofanana ndi wa bambo, n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba. Mafuta ophikira ndinayamba kuyeza ndi sipuni m'malo mongopendeketsa botolo mpaka nyama kumasambira. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana kwathu aja, zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, sakusiyana kwenikweni ndi chithunzi cha mbale ya Eatwell chimene ana amaphunzira kuno. Tinkadziwa kale, kungoti mbale yathu inkakhala nsima phiri, masamba kadontho.

Pamenepa m'pamene maphunziro a kusukulu amagwira ntchito, ngati kunyumba mwawatsegulira khomo. Mwana wanu anaphunzira kale kuwerenga mitundu ya pamapaketi ija, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, yosonyeza kuchuluka kwa shuga, mafuta ndi mchere. Mutengeni kokagula zinthu, mumupatse udindo woti asankhe cereal imene shuga wake sali pofiira. Wanga anayamba kundigwira ine ndemwe ndikaponya zinthu mutolole. Za nkhomaliro, ngati mungakwanitse musiyeni adye ya kusukulu. Malamulo a chakudya cha m'sukulu amene anayamba mu 2015 salola zoziziritsa kukhosi zothira shuga, ndipo zokazinga m'mafuta ambiri siziloledwa kupitirira kawiri pasabata. Ine ndimayang'anira ana nthawi ya nkhomaliro, ndipo zimene ndimaona m'timabokosi tochokera kunyumba, ma crisps, chokoleti, kabotolo kotsekemera, nthawi zambiri zimaposa za kukhitchini ya sukulu kuipa kwake. Ngati muli ku London, nkhomaliro ya ana onse a pulayimale m'sukulu za boma yakhala yaulere kuyambira September 2023.

Chimene ndikupempheni kwambiri ndi ichi: kalatayo musamuwerengere, musamuike pa sikelo sabata iliyonse, ndipo musamuphikire mbale yakeyake pamene ena akudya zonona. Azibale ake akayamba kumutchula mayina achipongwe, muwaletse pomwepo. Ndaona ana kusukulu akubisa chakudya kapena kukana kuvula juzi nthawi ya PE, phunziro la masewera olimbitsa thupi, chifukwa cha mawu a kunyumba. Pa msinkhu wa zaka 10 kapena 11, nthawi zambiri cholinga sichikhala choti aonde ayi, koma kuti kulemera kuime kaye pamene msinkhu ukukwera. Wanga zinatero, ndipo zinatenga pafupifupi zaka ziwiri, osati miyezi iwiri.

Masewera amafunika mphindi 60 patsiku, malinga ndi a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndiye mphindi 15 za kusukulu zija ndi PE wa kawiri pasabata sizikwana. Ngati sukulu ili pafupi, aziyenda wapansi. Lamlungu m'mawa m'mapaki ambiri mumakhala junior parkrun, yothamanga makilomita awiri, ya ana a zaka 4 mpaka 14, yaulere, ndipo kawirikawiri imayamba 9 koloko, moti ambiri tchalitchi mumachipeza. Yambani tsopano, chifukwa September akubwerayu akupita ku Year 7, kusekondale. Kumeneko Daily Mile kulibe m'sukulu zambiri, azidzayenda yekha ndi ndalama m'thumba, ndipo pakati pa geti la sukulu ndi pokwerera basi kawirikawiri pamakhala mashopu a tchipisi.

Agogo musakangane nawo pafoni. Apongozi anga nditawauza za BMI anangoseka. Tsiku lina ndinawakumbutsa za achimwene awo amene amabayidwa jakisoni wa matenda a shuga, n'kuwauza kuti adokotala akuti matendawa masiku ano akugwira ndi achinyamata omwe. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati kuno kumapezeka ufa wa mgaiwa ndi nkhwani.