Kwa mnyamata wa ku Salima amene akufuna kudyera ng'oma

Achimwene, funso lanu taliona. Mwati mumakhala ku Salima, mwaimba ma drums kutchalitchi kwanu zaka zitatu, ndipo mukufuna kuti ikhale ntchito yanu: kuimbira oimba osiyanasiyana pa ganyu, kujambula m'situdiyo, komanso kuphunzitsa ena. Mwafunsanso ngati ndalama zomwe mwasunga mugulire seti yonse ya ng'oma. Limenelo yankho lake ndi lalifupi: musagule kaye. Zinazo ndiye zikufunika kukhala pansi.

Woimba akakutengani pa ganyu sagula ma roll anu, kugubuduza ma stick pa ng'oma kuja polumikiza zigawo za nyimbo. Amagula tempo (liwiro la nyimbo) yosagwedera, kuti iye aziimba mtima uli m'malo podziwa kuti kumbuyo kuli munthu. Vuto la anyamata ambiri okulira m'tchalitchi n'lakuti nyimbo imayamba bwino, ikafika pa kolasi yathamanga, akamenya roll yathamanganso, pofika kumapeto wakiyibodi akuchita kupuma wefuwefu. Chimachititsa n'chakuti thupi likatentha manja amafulumira, ndipo mu roll timakonda kufinya zomenya zomalizira kuti tifike msanga pa crash, cymbal (mbale yachitsulo) yomenya potsindika. Mpingo suona vuto chifukwa ukuvina, koma wabesi amaona, ndipo ndi iyeyo amene adzatchule dzina lanu kapena kulisiya bandi ikamasaka drummer.

Dziyeseni chonchi. Ikani metronome (pulogalamu yogogoda tempo) pa foni, muitchere pa 70, ndiko kugogoda ka 70 pa mphindi, mumenye beat wamba mphindi 5 osasiya, roll imodzi pakatha ma bar 8 alionse (bar ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4 kamodzi). Jambulani ndi foni ina. Pomvetsera musamve kukoma, mverani pamene click, kugogoda kwa metronome, ikubisika pansi pa kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi) ndi snare yanu (ng'oma ya mawaya kunsi), ndi pamene ikutulukira pambali. Ikabisika ndiye kuti muli pomwepo. Mukazolowera, itchereni pa 35 kuti izilira pa 2 ndi 4 pokha, inu muzisenza zotsalazo. Tempo yotsika ndi imene imaulula munthu; pa 140 aliyense amaoneka katswiri.

Ola limodzi tsiku lililonse limaposa maola 6 a Loweruka lokha. Mphindi 15 zoyamba zikhale za manja pa pad yoyesererapo: single stroke (dzanja lililonse kamodzi mosinthana), double stroke (kawirikawiri) ndi paradiddle (kusakaniza ziwirizo), kuyambira pa 60, ndipo musakweze kuposa 5 mpaka dzanja lamanzere lizimveka mofanana ndi lamanja. Pad simufunika kugula, dulani labala wa chubu cha tayala la galimoto mumate pa thabwa. Mphindi 20 zikhale za beat ndi click, 15 za kuphunzira nyimbo yatsopano, 10 za kuwerenga manotsi a ng'oma. Kuwerengako musakunyoze. Ndi kumene kudzakusiyanitseni ndi anzanu mukadzayamba kuphunzitsa.

Pa mitundu ya nyimbo, reggae ndi chakudya cha mabandi kuno kwathu, kuyambira ya ku Chileka ya Black Missionaries mpaka ya ku Balaka imene inatchuka ndi Alleluya Band. Dziwani kusiyana kwa one drop, pamene kick ndi cross-stick (kugogoda mkombero wa snare ndi stick yogoneka) zimagwera limodzi pa 3 ndipo pa 1 palibe kanthu, ndi steppers pamene kick imamenya onse anayi. Ambiri amalakwitsa one drop poponya kick pa 1 chifukwa mwendo unazolowera, nyimbo n'kulemera ngati ya pamaliro. Onjezani rhumba ndi sebene yake, gospel yapang'onopang'ono, ndi ma beat a afrobeats ndi amapiano omwe achinyamata adzakupemphani. Koma chuma chanu chenicheni chili mu 6/8 ndi 12/8. Muli m'dera la Gule Wamkulu, mganda ndi chioda, ndipo mukangolowera ku Nkhotakota mukupeza malipenga. Drummer wa m'tauni amaphunzira zimenezi pa YouTube, inu mutha kukakhala pansi ndi akuluakulu oimba ng'oma za mbalule ndi mpanje. Pitani mwaulemu, mupemphe, ndipo za kudambwe muzisiyire eni ake. Mukamva bwino, samutsirani pa seti: ng'oma yaikulu ipite pa kick ndi floor tom (ng'oma yoima pansi ndi miyendo), kuwomba m'manja kupite pa hi-hat (ma cymbal awiri otseka ndi phazi) kapena cross-stick, yotsogolera ipite pa snare mutamasula mawaya ake. Woimba amene akufuna nyimbo yomveka Chimalawi adzakusakani yekha.

Ganyu amabwera motere: Lachitatu usiku mwalandira nyimbo 18 pa WhatsApp, shoo ndi Loweruka, practice ndi imodzi. Simungaloweze zonse pamtima. Mverani nyimbo iliyonse kawiri muli ndi cholembera. Lembani tempo, amene akuyamba, ndi ma bar: intro 4, vesi 16, kolasi 8, pamene bandi yonse imaima, ndi mathero ake. Nyimbo imodzi isapitirire theka la tsamba, zilembo zikuluzikulu chifukwa pa siteji kuwala kumavuta. Malo oima ndi mathero ndi amene amachititsa manyazi, choncho alembeni ndi inki yofiira. Ndipo imbani monga nyimboyo inajambulidwira, zokometsera zanu muonjeze mwini wake akapempha. Paja ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Tibwerere ku ndalama zanu zija. Matchalitchi, mabandi ndi eni zida zobwereketsa amakhala ndi seti kale, koma kawirikawiri zimene zimakhala zakufa ndi pedal ya kick, snare ndi ma cymbal. Zimenezo ndiye mugule, chifukwa zimakwana m'chikwama n'kukwera nazo minibasi. Yambani ndi ma stick a 5A mapeya atatu, drum key yochunira ng'oma, ndi zotseka m'makutu. Kenako pedal yolimba, snare ya mainchi 14, hi-hat ya 14, ndipo ndalama zikapezekanso ma cymbal a ride ya 20 ndi crash ya 16. Cymbal yogwiritsidwapo kale ntchito muiyendetse chikhadabo m'mphepete monse; chikakodwa, pali mng'alu ndipo udzangokula. Onaninso bowo la pakati, likhale lozungulira, osati lotalikira mbali imodzi. Ma cymbal a brass omwe amabwera ndi maseti otchipa amapindika msanga ndipo amalira ngati chivundikiro cha poto. Bola imodzi ya bronze yakale kusiyana ndi zitatu zonyezimira za brass.

Cymbal imang'aluka pa zifukwa zitatu: kuimanga kwambiri mpaka isagwedere, kuiika pa stand yopanda kapulasitiki kotchinga chitsulo, ndi kuimenya molunjika m'mphepete m'malo moipsepsa cham'mbali. M'chikwama chanu musasowe spring ya pedal yapadera, ma felt, clutch ya hi-hat, kachingwe komangira mawaya a snare, tepi, ndi kalipeti kakang'ono. Pa simenti yosalala kick imathawa kamodzikamodzi mpaka mwendo osafikira, ndipo mwala woika kutsogolo umangoononga ng'oma.

Kunyanja kuno zida zimakalamba msanga. Chinyezi chimabweretsa dzimbiri pa ma screw, mchenga wa ku Senga Bay umalowa mu tcheni ndi ma bearing a pedal mpaka iyambe kulira kwiii. Mukachoka ku shoo ya pamchenga sasani ndi mswachi wakale, pukutani ndi nsalu youma, mudonthezere mafuta a makina osokera pang'ono. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limafewetsa chikopa cha pulasitiki, ndiye musasiye seti pamtetete masana kudikira shoo ya usiku, ifunditseni chitenje. Ndipo chikopa chimenechi sitiwamba pamoto ngati ng'oma ya kumudzi. Pochuna, mangani ma screw onse ndi zala kaye, kenako ndi key pang'onopang'ono, kudumphira ku screw yoyang'anizana nayo, osati kuzungulira motsatana. Gogodani pafupi ndi screw iliyonse mpaka zonse zizilira mofanana. Snare ikamalira mopitirira, kachidutswa kamodzi ka tepi m'mphepete n'kokwanira. Kuimata paliponse n'kuipha.

Za situdiyo tikuuzeni zoona kuti musadzakhumudwe. Nyimbo zambiri za kuno ng'oma zake amazipanga pa kompyuta, mu FL Studio kapena Cubase, chifukwa kujambula seti yeniyeni kumafuna chipinda chabwino ndi maikolofoni angapo. Masitudiyo otere ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Choncho phunzirani kupanga ng'oma pa kompyuta inunso. Pulodyusa amene si drummer amaika hi-hat yolira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi roll imene munthu wa manja awiri sangamenye. Inu mutha kukonza zimenezo, n'kuthirapo shaker kapena ng'oma yamanja yeniyeni ndi maikolofoni imodzi yokha. Ndi ganyu ameneyo, ndipo amapezeka pompano pa Salima. Mwayi wojambula seti ukadzabwera, menyani ma cymbal mofatsa, ng'oma mwamphamvu yofanana, chifukwa cymbal yaphokoso imalowa m'maikolofoni onse ndipo siichotseka. Mukamatumiza zojambula kwa munthu wakutali, zikhale WAV osati MP3, zonse ziyambire pa malo amodzi, ndipo muzitumize ngati document kuti WhatsApp isazifinye. Musanajambule gwirizanani ngati malipiro ndi a kamodzi kokha, dzina lanu lilembedwe pa nyimboyo, ndipo mufike ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo ndi zopeka zina, mukamve za ufulu wa oimba zida pansi pa lamulo la 2016.

Shoo iliyonse mugwirizane polemba, ngakhale pa WhatsApp pomwepo: tsiku, malo, ma practice angati, malipiro, thiransipoti, chakudya ndi kogona. Theka lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba musananyamuke. Mawu akuti "tiona za pageti" akutanthauza kuti anthu akachepa inu ndi amene mubwerere wapansi. Mtengo wokhazikika sitikupatsani, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ma stick ndi zikopa siikhala pamodzi. Werengani nokha: ulendo wopita ndi kubwera, peya imodzi ya ma stick, masiku a practice, kenako ntchito yanu pamwamba.

Dziwaninso kuti mashoo ali ndi nyengo. Amachuluka m'chilimwe mpaka Khirisimasi, mvula ikakhazikika kumati zii. Zikondwerero zazikulu zimafika ndithu kuno: Sand Music Festival yachitikapo kangapo ku Senga Bay, Lake of Stars inali ku Salima mu 2018 ndi ku Nkhotakota mu 2024. Koma mabandi amabwera ndi ma drummer awo, ndiye ubale umamangidwira ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Muzipita, mukaonekere kumene oimba amachitira practice. Pafupi pano, malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amafuna nyimbo zofatsa anthu akamadya. Gulu la anthu atatu ndi cajon (ng'oma ya bokosi yomenya ndi manja) kapena snare ndi ma brush limalowa pamene bandi yonse singalowe.

Kuphunzitsa ndi kumene kudzakudyetseni mu Febuluwale, choncho musakutenge ngati chongodikirira. Yambani ndi matchalitchi: pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi seti ndi anyamata awiri kapena atatu ongodziphunzira okha. Kambiranani ndi akuluakulu a mpingo pulogalamu ya miyezi itatu, kawiri pa sabata, pa seti yawo yomweyo. Pitaninso ku masukulu apulaiveti. Ana osakwana zaka 10 apatseni mphindi 30, akuluakulu 45. Mutha kutenga anayi nthawi imodzi, atatu ali pa ma pad, mmodzi pa seti, kusinthana mphindi 10 zilizonse. Malipiro akhale a mwezi, olipiriratu, ndipo nenani tsiku loyamba kuti wojomba osadziwitsa phunziro lake lapita.

Masabata awiri oyamba akhale a kakhalidwe ndi kagwiridwe basi. Mpando ukwere mpaka ntchafu zitsetserekere pang'ono kumaondo. Ukatsika kwambiri msana umapweteka ndipo phazi limalemera. Stick igwiridwe pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zinazo zingofungatira, kuti ikamenya izibwerera yokha. Mwana wofinya stick mudzamudziwa ndi matuza ndi mapewa okwera. Kenako awerenge mokweza 1, 2, 3, 4 asanamenye chilichonse, beat yoyamba aimange chiwalo chimodzichimodzi, hi-hat kaye, ndiye kick, ndiye snare. Roll ibwere sabata ya 6, ndipo pofika ya 12 aimbe nyimbo yathunthu makolo akuonera. Kholo likaona zimenezo limalipira teremu yotsatira osakumbutsidwa. Cholakwa chachikulu cha aphunzitsi atsopano ndi kukhala okha pa mpando theka la phunziro kuonetsa luso. Onetsani kawiri, mudzuke. Ana aang'ono muziwaphunzitsira poonekera, chitseko chili chotsegula, kholo kapena wamkulu wina ali pafupi.

Satifiketi imathandiza pofuna ntchito kusukulu. Music Crossroads ku Area 23 ku Lilongwe amaphunzitsa zoimba, ndipo ngati MSCE yanu ili bwino, University of Malawi ku Zomba ili ndi maphunziro a nyimbo. Kuphunzitsa ku pulayimale ya boma, kumene nyimbo zili mu Expressive Arts, kumafuna kudzera ku TTC, koleji ya aphunzitsi.

Makutu asamaleni kuyambira lero. Phokoso lopitirira ma decibel 85 kwa maola ambiri limaononga kumva, ndipo snare ndi crash zimapitirira 100 mosavuta. Mukachoka pa practice m'makutu mukulira tswiii, ndiye kuti zayamba kale, ndipo kumva kukapita sikubwerera. Valani zotseka, ophunzira anu avalenso.

Sabata ino jambulani mphindi 5 zija pa 70, click izimveka, mutitumizire. Tikamvera tikuuzani pamene mukuthamanga ndi poyambira kukonza.