Andifunsa: bond ya sukulu ndiivotere inde kapena ayi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku California. Angokhala kumene nzika ya America, ndipo aka ndi koyamba kuti akavote. Analemba kuti: "M'kabuku kofotokoza za chisankho kamene atitumizira muli nkhani ya bond yokonzera masukulu a m'dera lathu. Ine ndimakhala nyumba yalendi, ana anga awiri amaphunzira sukulu yaboma. Kodi bond ndi chiyani, nanga ndikavota inde ndikhala ndadzimangirira chiyani?"

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanachonge. Bond ndi ngongole, musamve china. Bodi yoyendetsa masukulu a m'dera lanu ikufuna kubwereka ndalama zambiri nthawi imodzi kuti ikonze madenga odontha, mapaipi akale, zimbudzi, mawaya a magetsi, makina oziziritsa m'makalasi, kapena imange midadada yatsopano. Imabwereka kwa anthu ndi makampani ogula ma bond, n'kumabweza pang'onopang'ono pamodzi ndi chiwongoladzanja kwa zaka 25, 30, nthawi zina kuposa. Ndalama zobwezera zimachokera pa msonkho wowonjezera wa nyumba ndi malo a m'deralo. N'chifukwa chake amayenera kukupemphani chilolezo kaye.

Kwathu tinkaziona mwanjira ina. Sukulu ikafuna mdadada, amfumu ankamema mudzi, azibambo kuumba njerwa, azimayi kutunga madzi ndi kututa mchenga. Kuno njerwa zimenezo mumaumba ndi msonkho, ndipo ena mwa amene adzazilipire panopa akadali ku mkaka.

Tsono mwati mulibe nyumba. Bilu ya msonkho imapitadi kwa eninyumba, koma musaganize kuti inu mwapulumuka, poti ambiri amakazibweza pa lendi ikamakwera. Komabe tiyeni tione kukula kwake. Ku California, bond yodutsa pansi pa Proposition 39, lamulo limene anthu anavomereza pa voti mu 2000, ili ndi malire: siyenera kupitirira madola 60 pachaka pa madola 100,000 alionse a mtengo wa nyumba ngati bodiyo imayendetsa pulayimale ndi sekondale pamodzi, ndipo madola 30 ngati imayendetsa chimodzi chokha. Nyumba yolembedwa pa madola 500,000 ingalipire madola 300 pachaka, pamalire penipeni. Mtengo wake ndi umene uli m'mabuku a boma, osati wa pamsika lero. Kuyambira pa Proposition 13 ya mu 1978, mtengo wa m'mabukuwo sukwera kupitirira 2 peresenti pachaka kufikira nyumbayo itagulitsidwa. Choncho agogo amene anagula nyumba yawo mu 1990 amalipira zochepa kwambiri kuposa banja limene lagula pafupi nawo chaka chatha. Kumbukiraninso kuti malirewo ndi a bond imodzi. Ngati dera lanu likubwezabe ma bond akale, yatsopanoyi ikwera pamwamba pake.

Proposition 39 yomweyo inachepetsa mavoti ofunika kuchoka pa magawo awiri mwa atatu kufika pa 55 peresenti, koma inabwera ndi zomangira. Payenera kukhala mndandanda wa ntchito zimene ndalamazo zikagwire. Ndalama za bond sizilipira malipiro a aphunzitsi kapena a mabwana a mu ofesi. Chaka ndi chaka pamakhala kuwerengera ndalama kochitidwa ndi anthu apadera, ndiponso pamakhala komiti ya anthu wamba osachepera 7 yoyang'anira, momwe muli mpando wa kholo la mwana wa pasukulupo. Mpando umenewo ndi wa anthu ngati inu, amayi, ndipo nthawi zina umasowa wokhalapo.

Pano ndiye ndikufuna mukhazikike mtima, chifukwa si bond iliyonse imene ili yabwino. Mu 2011 bodi ya masukulu ya ku Poway, kufupi ndi San Diego, inabwereka madola 105 miliyoni mwa mtundu wina wa bond umene sumayamba kubwezedwa mpaka patapita zaka 20, chiwongoladzanja chikungounjikana. Pomaliza anthu a kumeneko adzabweza pafupifupi biliyoni imodzi. Kwathu zimenezo timati katapira. Nkhaniyi inapweteka anthu mitima, moti mu 2013 boma la California linakhazikitsa lamulo loti zobweza zisapitirire kanayi ndalama zimene zabwerekedwa. Ndimaikumbukira nkhani ya Poway nthawi zonse ndikaona chikwangwani cholembedwa kuti "votani inde, n'za ana athu". Zinali za ana ndithu, koma anawo ndi amene anasiyiridwa ngongoleyo.

Choncho tsegulani kabuku kanu pamene afotokoza za msonkho. Fufuzani chiwerengero cha ndalama zonse zodzabwezedwa, ngongole ndi chiwongoladzanja pamodzi, ndi chaka chimene msonkhowo udzathe. Kenako werengani mndandanda wa ntchito. Ngati atchula sukulu ya ana anu ndi dzina, n'kunena kuti denga ndi zimbudzi zidzakonzedwa, makalasi osakhalitsa adzachotsedwa, ndiye kuti pali chogwirika. Ngati mawu ake ndi okuluwika, ongoti "kutukula maphunziro", funsani. Funsaninso zimene anachita ndi bond yapita. Anthu a ku Houston, ku Texas, anakana bond ya madola 4.4 biliyoni mu Novembala 2024, osati chifukwa masukulu awo anali abwinobwino, koma ambiri sankakhulupirira oyendetsa amene boma la Texas linawaikira mu 2023.

Maganizo anga sindikubisirani. Pamene mndandanda uli womveka ndipo ngongole ili yamtundu wamba, ine ndimavota inde. Mwana wokhala m'kalasi yotentha ngati uvuni mu Seputembala sangadikire kuti akuluakulu agwirizane zaka khumi zikubwerazi, ndipo mitengo ya zomangira sidikira munthu. Palinso china. Mu Novembala 2024 anthu a ku California anavomereza Proposition 2, madola 10 biliyoni a boma la California okonzera masukulu ndi makoleji. Kuti dera litengeko ndalama zimenezi, kawirikawiri limayenera kuikapo zake kaye. Dera lokana bond yake limangoonerera anzake akutapa. Chimandiwawa n'chakuti madera a nyumba zodula amapeza ndalama zambiri ndi msonkho wochepa, pamene madera athu a anthu alendi amafinyika kuti apeze zochepa. Koma kuvota ayi sikuchotsa kukondera kumeneko, kumangosiya denga likudontha.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi green card (chilolezo chokhazikika ku America) kapena viza: musayerekeze kuvota pa nkhaniyi musanakhale nzika, zingakuwonongereni mapepala mpaka kuthamangitsidwa m'dziko. Koma ku msonkhano wa bodi ya sukulu khomo ndi lotseguka kwa kholo lililonse, ndipo amapereka mphindi zoti muyankhule.

Amayi, pitani ku msonkhano wotsatira mutanyamula kabukuko. Mukapeza chiwerengero cha ndalama zonse zodzabwezedwa, mundilemberenso, tidzachione limodzi.